Maola Amene Kaputeni Sanasaine

Mkulu wa ziphaso ananyowetsa chala ndi malovu n'kutembenuza tsamba la bukulo. Anatembenuzanso lina, kenako anabwerera m'mbuyo masamba atatu. Namzeze anaima kutsogolo kwa tebulo lake, chipewa cha ntchito atachipanira m'khwapa, ndipo mtima unayamba kumuuza kuti zinthu sizili bwino.

"Mayi, takhalani pansi," anatero mkuluyo.

"Ndaima bwino, bambo. Pali vuto?"

"Khalani kaye. Nkhani zinazi sizimveka munthu ali chiimire."

Bukulo linali la maola. Woyendetsa ndege aliyense amakhala nalo, ndipo ulendo uliwonse amaulemba pamzere wakewake: tsiku, ndege, kumene wanyamukira, kumene watera, ndi nthawi imene wakhala m'mwamba. Namzeze anali atalemba lakelo zaka khumi ndi chimodzi ali wothandizira kaputeni, wa mpando wakumanja, wa nyota zitatu paphewa. Tsopano kampani yake inali itagula ndege ziwiri zatsopano ndipo inkafuna makaputeni anayi. Dzina lake linali pamndandanda. Chotsala chinali chiphaso chachikulu, chimene popanda icho munthu saloledwa kukhala kaputeni wa ndege yonyamula anthu. Mndandandawo unkatsekedwa Lachisanu, ndipo tsikuli linali Lachitatu.

"Mayeso olemba munakhoza onse," anatero mkulu uja, akuwerengera pazala. "Adokotala akuti mtima, maso ndi makutu zili bwino. Maola 1,500 amene lamulo limafuna munawapitirira kalekale. Koma mwa maolawo, 250 ayenera kukhala oti inuyo ndi amene munkalamula ndege, kaputeni atangokhala pambali n'kumayang'anira. Zimenezi mukuzidziwa?"

"Ndikuzidziwa. Alipo 261. Ndinawerenga katatu."

"Munawerenga bwino ndithu. Koma ulendo wotere timauwerengera pokhapokha kaputeni amene anakuyang'aniraniyo atasaina pamzere pomwepo. Taonani apa. Palibe. Apanso palibe. Mizere 63, maola 142, yonse ili mbee."

"Koma ndinauluka, bambo! Fufuzani kulikonse."

"Sindikukana kuti munauluka. Funso ndi lakuti ankalamula ndegeyo ndani? Kampani imene munali nayo nthawi imeneyo inatseka, m'maofesi mwake muja pano akugulitsamo matayala. Wotsala woti achitire umboni ndi mmodzi yekha, kaputeni wanuyo. Anali ndani?"

"A Bwerezanso."

Mkuluyo anavula magalasi n'kupukusa mutu, akumwetulira pang'ono. "Amene aja! Anandibwezerapo chiphaso chawo chomwe, ati chidindo ndadinda mopendama. Ndiye amenewo angasiye mizere 63 osasaina?" Kenako nkhope inagwa. "Ndamva kuti sakupeza bwino. Komabe lamulo silidwala, mayi. Akasaine ndi dzanja lawo, siginecha yofanana ndi imene ili m'faelo mwathu muno. Mukabwera nalo Lachisanu dzuwa lisanafike pamutu, ndidzakudindirani ndekha."

Namzeze anatenga buku lake n'kutuluka. Anakhala m'galimoto nthawi yaitali osaliza injini, buku lili pamiyendo.

Dzina loti Bwerezanso anawapatsa ndi anyamata a pabwalo la ndege. Ukawerenga mndandanda wa zoyenera kuona ndege isananyamuke, n'kumeza mawu amodzi okha, iwo sankakalipa. Ankangoti, "Bwerezanso," ndipo unkayambira pamwamba, ngakhale anthu atakhala kale m'mipando akudzikupiza ndi manyuzipepala. Ambiri ankathawa kuuluka nawo. Koma ndi iwo amene anamutenga mtsikana wochepa thupi uja pamene makaputeni ena ankamuyang'ana ngati wasochera, ndi iwo amene anamutcha Namzeze chifukwa cha kuchepa ndi changu chake, ndi iwonso amene tsiku lina anapinda manja n'kunena kuti, "Lero ndege ndi yako. Ine ndangokwera."

Mwambo wa ntchitoyi aliyense amaudziwa. Mukatera, injini zikazima, buku limapita kwa kaputeni musanatsike masitepe. Poyamba ankatero. Kenako tsiku lina Kaputeni analikankha bukulo akuseka. "Zosainasaina tsiku ndi tsiku zanditopetsa. Iwe uzingolemba. Tsiku limene udzakwanitse onse ndidzakhala pansi n'kusaina kamodzi, cholembera chake ndagula kale." Anali mawu a bambo wonyadira mwana wake, ndipo Namzeze anawakonda. Ankadziwa kuti si mmene zimayendera, koma ndani akanawaphunzitsa lamulo a Bwerezanso?

Maolawo atangokwana, kampani inagwa m'mawa umodzi, anthu n'kubalalika. Iye anapeza ntchito kwina. Kaputeni anali pompano, ulendo wa ola limodzi pagalimoto, choncho nkhani ya kusaina inakhala ya mawa, mawa, mpaka zaka zitatu. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo anamva kuti agwa m'bafa, sitiroko yawapha mbali imodzi. Anatumiza uthenga pafoni woti akuwapempherera, koma phazi lake silinapondeko. Ankaopa kuwaona ali choncho. Tsopano ankapita chifukwa ankafuna chinthu, ndipo manyazi anamugwira. Panjira anaima n'kugula malalanje, kuti asafike ndi buku lokha.

Anamutsegulira chitseko ndi akazi awo a Kaputeni, mayi wamtali amene anali atawonda kwambiri chimuonereni komaliza.

"Kodi ndi Namzeze? Ine ndimayesa unauluka osateranso!"

"Pepani, amayi. Ndilibe chonena."

"Lowa, lowa. Zonena uziwauza eni akewo. Ndege ikamadutsa pamwamba apa amaloza kudenga, ine n'kumati mwina ndi mwana wanu uja, bambo."

Bedi anali atalisamutsira pabalaza, pafupi ndi khomo la kubafa. Patebulo panali mabotolo a mapiritsi, kapu yokhala ndi kapaipi komwera, ndi kabelu. Kaputeni anali pampando wamatayala pafupi ndi windo, atametedwa bwino, malaya atamangidwa mabatani mpaka pakhosi. Dzanja lamanja linagona pa pilo pamiyendo pawo, zala zitapindikira m'kati. Paphewa pamene pankakhala nyota zinayi panali kathawulo kopukutira pakamwa.

Namzeze anagwada pambali pa mpandowo n'kugwira dzanja lawo lamanzere. "Kaputeni, ndabwera. Ndachedwa, koma ndabwera."

Mbali imodzi ya nkhope yawo inamwetulira, inayo inangokhala. Anayesa kutchula dzina lake, koma chinatuluka ndi mpweya wokha.

"Mawu anatsala awiri," anatero amayi aja. "Inde ndi ayi. Makamaka ayi. Phala ayi, mankhwala ayi, kusamba ayi. Matendawa anatenga zonse n'kundisiyira makani okha."

Anaseka onse, ngakhale Kaputeni anagwedeza mapewa. Namzeze anayamba kuwafotokozera za kuntchito, za ndege zatsopano, za anzawo akale amene anapuma ndi amene ananenepa. Ankazungulira dala, nkhani yeniyeni ikumukanika kutuluka. Koma maso a Kaputeni sanali pa iye. Anali pa chikwama chake, pamene ngodya ya buku lachikuto chakuda inkaonekera. Anatambasula chala n'kugogoda pa mkono wa mpando kawiri.

Namzeze analitulutsa bukulo, nafotokoza zonse: za mndandanda, za Lachisanu, za mizere 63. Pamene ankatchula nambalayo Kaputeni anatsinzina, ndipo anakhala chitsinzinire nthawi yaitali. Zinaonekeratu kuti lonjezo lawo lija akulikumbukira.

Amayi anabweretsa thabwa lodyerapo n'kuliika pamiyendo pawo, buku pamwamba. Kaputeni anayamba kuwerenga mzere ndi mzere, chala chakumanzere chikutsetsereka pang'onopang'ono. Tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pakati pa tsamba lachinayi chalacho chinaima.

"Ayi," anatero.

Namzeze anawerama kuti aone. Poyamba sanaone cholakwika. Kenako anakumbukira. Linali tsiku la mvula ya matalala, mphepo ikuwomba cham'mbali, ndipo atatsala pang'ono kufika pansi Kaputeni anagwira chiwongolero n'kutera okha. Ulendo umenewo sunali wake wonse.

"Zoona, Kaputeni. Tsiku limenelo munatera ndinu. Maola awiri amenewo achoke."

"Wawaona?" anatero amayi, manja ali m'chiuno. "Dzulo anandiyang'ana ngati ndabwera kudzagulitsa masache, koma za matalala a zaka zinayi zapitazo, zimenezo ndiye ayi, sangaiwale."

Namzeze anaseka misozi ili m'maso. Munthu uja analipo yense m'katimo, wangotsekeredwa.

Atamaliza kuwerenga, Kaputeni analoza kabati. Amayi anadziwa chimene akufuna. Anatulutsa kabokosi kakang'ono, m'kati muli cholembera chakuda chimene chinali chisanalembepo chilichonse. Anachilowetsa pakati pa zala za dzanja lamanja n'kuzifinyira pamodzi. Atangochotsa dzanja lawo, cholemberacho chinagubuduka n'kugwa pansi. Anayesanso, chinagwanso.

"Tiyese lamanzere, bambo. Koma tiyambe papepala lina, tingaononge buku la mwana."

Anawapatsa envulopu yakale. Siginecha ya Kaputeni aliyense pabwalo la ndege ankaidziwa: chilembo choyamba chachikulu, kenako timapiri tating'ono, kumapeto mchira wautali wobwerera pansi pa dzina lonse. Chimene chinatuluka pa envulopuyo chinali ngati pamene papalasa nkhuku. Anayesa kachiwiri, kachitatu, kakhumi. Thukuta linatsika m'masaya n'kunyowetsa kolala. Envulopu itadzaza anaitembenuza okha ndi chala n'kuyambiranso kuseri. Panadutsa theka la ola, m'nyumba muli zii, kungomveka kupuma kwawo ndi kukanda kwa cholembera.

"Apume kaye," anatero amayi. "Namzeze, tabwera undithandize tiyi."

Kukhitchini sanayatse n'komwe mbaula. Anatseka chitseko n'kutsamira pa sinki.

"Dzanja limenelo silibwerera, mwana wanga. Adokotala anandiuza, ine sindinawauze. Ngakhale utawapatsa chaka."

"Ndaona, amayi."

"Ndiye tamvera. Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi. Chiyambire kudwalaku, kalata iliyonse yofuna dzina lawo ndimasaina ndine, ndipo palibe anandibwezapo. Siginecha yawo ndimaidziwa kuposa eni ake. Bweretsa bukulo, tisanamalize tiyi ndikhala nditatha."

"Amayi, zimenezo ndiye..."

"Unauluka kapena sunauluke?"

"Ndinauluka."

"Ankalamula ndege ndani?"

"Ineyo."

"Eni akewo awerenga mzere uliwonse, akana umodzi, ina yonse avomera. Ndiye bodza lili pati? Walakwa chiyani iwe kuti uvutikire dzanja la munthu wina?"

Namzeze anaganiza za zaka khumi ndi chimodzi za kumpando wakumanja. Maola amenewo akanatha kuwayambiranso, inde, koma zikanatenga chaka, ndipo pofika nthawiyo mipando inayi ija ikhala ili ndi eni ake. Ndege zatsopano sizigulidwa chaka ndi chaka, ndipo iye zaka makumi anayi zinali pakhomo. Mawu a amayiwo analibe pogwira kuti awatsutse. Tinene zoona, sanafune n'komwe kuwatsutsa. Anangoti chete, ndipo onse awiri anadziwa tanthauzo la kukhala chete kumeneko.

Atabwerera pabalaza opanda tiyi, Kaputeni anawayang'ana mmodzimmodzi. Amayi anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi thabwa lija. Namzeze ankayembekeza kumva "ayi" uja. Koma Kaputeni anayang'ana envulopu yodzaza ndi zokandakanda, anayang'ananso Namzeze, kenako anaika dzanja lamanzere pabuku n'kulikankhira okha kwa akazi awo. Cholembera nacho anachikankhira komweko.

Amayi anasaina mzere woyamba mosajejema. Chilembo chachikulu, timapiri, mchira wobwerera pansi. Inali yomweyo, ngakhale mkulu wa ziphaso atavala magalasi awiri sakanaona kusiyana. Mtima wa Namzeze unadumpha ndi chimwemwe, ndipo anatembenuka kuti athokoze.

Kaputeni anali atatembenuzira nkhope kukhoma. Misozi inkatsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe, n'kumadonthera pa kathawulo kaja. Sanayese kuipukuta. Munthu amene posachedwapa anakana maola awiri chifukwa sanali oona, tsopano anali kupereka dzina lake kuti lilembedwe ndi dzanja la wina maulendo 62, ndipo ankatero chifukwa cha iye. Matenda anawalanda ndege, mawu ndi miyendo, n'kuwasiyira chinthu chimodzi chokha, chakuti a Bwerezanso sanapindepo lamulo. Iye, atasowa zaka zitatu, anabwera kudzatenga chimenecho. Namzeze anadzida yekha kwambiri.

"Amayi, imani."

"Usandisokoneze, dzanja langozolowera kumene."

"Chonde imani. Muli ndi rula m'nyumba muno?"

Amayi anamuyang'ana, anayang'ananso amuna awo, n'kuika cholembera pansi mwamphamvu. "Mwana iwe, ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa! Ukuganiza kuti akulira chifukwa cha siginecha? Akulira chifukwa anakuchedwetsa ndi iwo. Ukachoka pano wopanda kanthu ndiye uwapheratu."

"Mwina n'zoona, amayi. Koma ndikatuluka nalo bukuli chonchi, ulendo uliwonse ndikamakhala pampando umenewo ndizidzaona nkhope iyi. Sindingathe."

Rula Namzeze anaipeza m'dirowa ya ulusi ndi singano. Buku la maola salifufuta, salimata, sang'ambamo tsamba. Ukalakwitsa umadula mzere umodzi wowongoka, kuti cholakwikacho chizionekabe, ndipo pambali pake umafotokoza n'kusaina dzina lako. Namzeze anagoneka rulayo pa siginecha yokongola ija n'kudula. Pambali analemba ndi zilembo zing'onozing'ono kuti sanasaine ndi kaputeni, nasaina dzina lake. Mzerewo unawongoka bwino.

Atatseka buku anamva zala zikumugwira pamkono. Kaputeni anali atatembenuka. Milomo yawo inkalimbana ndi mawu ena, osati awiri aja.

"Pe... pe..."

"Ayi, Kaputeni, musatero."

"Pe... pa."

Amayi anagwira pakamwa. Anali mawu atsopano oyamba m'miyezi isanu ndi itatu, ndipo anatuluka msanga kupita kukhitchini kuti akalire kumene amuna awo sakuwaona.

"Wopepesa ndine," anatero Namzeze, atagwadanso. "Munali pompano zaka zonsezi, ine osabwera. Mutadwala, osabweranso. Maolawo ndikauluka ena, ndege sizinathe. Inu musadandaule."

Ananena molimba mtima kuti iwo amve bwino, koma m'kati ankadziwa kuti mpata ngati umenewu mwina sudzabweranso iye akadali ndi mphamvu. Anawapukuta nkhope ndi kathawulo kaja, anakhala nawo mpaka atagona tulo pampando pomwepo, kenako anatsanzika. Amayi anamuperekeza mpaka pageti. Pomaliza anangoti, "Uzibwera. Ngakhale wopanda buku."

Ali m'galimoto anaimbira foni mkulu wa oyendetsa ndege kukampani kwake.

"Bwana, ndichotseni pamndandanda. Maola anga olamula ndege sakukwana."

"Bwanji? Unati zonse zili m'malo!"

"Ndinalakwitsa ndine. Ndidzafotokoza ndikabwera."

"Ukudziwa kuti mwayi wina sindingakulonjeze? Mwina zaka zinayi, mwina zisanu."

"Ndikudziwa, bwana."

"Ndiye malo ako apita kwa wotsatira. Mnzako wandevu uja, amene unkamuphunzitsa kutera chaka chatha."

"Ndi woyendetsa wabwino. Mpatseni."

Patapita miyezi inayi, m'mawa wina wa mitambo, Namzeze analowa m'chipinda choyendetsera ndege n'kuyamba kuyatsa zipangizo monga mwa masiku onse. Posakhalitsa analowa wandevu uja, nyota zinayi zatsopano zikuwala paphewa. Unali ulendo wake woyamba monga kaputeni, ndipo sankadziwa kuti amuika ndi ndani. Atamuona anaima pakhomo, chikwama chili m'manja, manyazi atamugwira.

"Achemwali, ine sindinadziwe kuti ndi inu. Zikanayenera kukhala..."

Namzeze anamangirira lamba wake kumpando wakumanja, natenga mndandanda wa zoyenera kuona ndege isananyamuke.

"Khalani pansi, Kaputeni," anatero. "Anthu akudikira."